Mwandifunsa: za ng'oma yosasa mawu, nsinga za agogo ndi malaya a matumbo

Makalata a mwezi uno akuchita ngati munapangana. Chilembereni ulendo wathawu kuti bambo anga anali mmisiri wowamba ng'oma kumunsi kwa mapiri a Dedza, cha ku Mtakataka, ndiponso kuti ine ndinakalambira pa ntchito ya ulangizi wa ziweto, m'bokosi mwangodzaza mafunso a zikopa okhaokha. Ndasankhapo 6. Inu amene munafunsa za chitopa cha nkhuku, pepani, mudikire mwezi wamawa.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale cha ku Mitundu. Tinasonkherana ndalama n'kugula ng'oma ziwiri zoti ana aziphunzirira chimtali ndi mganda. Sipanathe miyezi itatu, imodzi yang'ambika pakati, inayo ikungolira ngati munthu wachimfine. Kodi wogulitsayo anatipusitsa, kapena olakwa ndife?

Aphunzitsi, ng'oma zanuzo zikudwala matenda awiri osiyana, ndipo mlanduwu mugawana ndi wogulitsayo.

Tiyambe ndi yosasa mawuyo poti ndiyo yochiritsika. Ndikukayikira kuti mumaisunga mu ofesi ya ahedi, pasimenti, pakona pamene pamakhala makasu ndi matsache. Chikopa cha pang'oma n'chosafufuta, ndiye chimamwa chinyezi ngati mchere wa m'dzinja. Chikamwa chimalobodoka, mawu n'kugwa. Sonkhani moto wa udzu kapena mapesi, muimike ng'omayo chapatali pang'ono, pamene dzanja lanu likumva kutentha koma osapsa. Muziitembenuza, muzisisita chikopacho ndi chikhatho, n'kumagogoda ndi chala. Mumva mawu akukwera pang'onopang'ono. Akafika pamene mukufuna, ichotseni pomwepo. Amene amati "itenthe pang'ono chabe" ndi amene amabwerera kwawo atanyamula chimtengo chobowoka chopanda chikopa. Gule akatha muziipachika kudenga, kutali ndi makoswe.

Yong'ambikayo itembenuzeni, musuzumire kunsi kwa chikopa ndi tochi. Mosakayikira mupeza timizere ta mpeni pomwe pang'ambikapo. Ng'oma imeneyo inalumala tsiku limene nyama yake inasendedwa, ana anu angoimaliza.

Bambo anga sankagula chikopa chimene sanaone chikusendedwa. Akamva kuti kwa auje mawa kuphedwa mbuzi ya sadaka kapena ya ukwati, ankalawira tambala woyamba n'kukaima pambali pa osendawo, manja kumbuyo, ngati woyang'anira mayeso. Mpeni ankaulola kungong'amba mzere wa pamimba ndi ya m'miyendo. Kwinako ankafuna nkhonya: chikopa kugwira ndi dzanja lamanzere, nkhonya yamanja kulowetsa pakati pa chikopa ndi mnofu, n'kumakankha. Mnyamata akatopa n'kutola mpeni, iwo ankangotsokomola, mpeniwo n'kubwerera pansi. Pa ng'ombe mpeni sulephera kugwira ntchito, koma ankafuna wopindika kunsonga, wosasongoka, ndipo mano ake aziyang'ana kunyama.

Akafika nacho kunyumba ankachipala mafuta ndi tinyama tonse tsiku lomwelo, n'kuchikhomera ndi zikhomo pamthunzi wa mtengo wa mango, ubweya pansi, chitatukuka pang'ono kuti mphepo izidutsa kunsi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amachiyanika padzuwa la masana la ku Mtakataka lija, n'kumakondwa kuti chauma msanga. Chauma pamwamba pokha. M'kati chikadali chachiwisi ndipo chikuwola mwakachetechete. Tsiku lodzachiviika m'madzi, chimangobowoka chokha ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete.

Mtengo wa ng'oma ankasema wa mtondo, mbwabwa kapena mlombwa, ndipo unkakhala miyezi ukuuma usanaone chikopa. Chikopa chopita pang'oma ankadula cha pamsana, chifukwa cha pamimba n'chopyapyala ndipo chimatamuka mosiyana mbali ndi mbali. Ng'oma zazikulu ngati gunda zinkafuna cha ng'ombe. Zing'onozing'ono cha mbuzi. Akuluakulu akale ankakonda cha gwape kapena mbawala, ndipo tina tating'ono ankatiwamba ndi cha ng'azi. Zimenezo zisiyeni, nyama zakutchire zili ndi malamulo ake masiku ano, ndipo mbuzi yamphongo yokhwima imalira bwino lomwe.

Tsiku lowamba, chikopa chinkagona m'madzi usiku wonse, kapena ankachikwirira mumchenga wonyowa wa kumtsinje. M'mawa ankachivundikira pakamwa pa ng'oma, amuna awiri n'kumakoka. Chikhomo choyamba akakhoma kum'mawa, chachiwiri chinkapita kumadzulo, chachitatu kumpoto, chachinayi kumwera, kenako m'mipata, nthawi zonse moyang'anizana. Wokhoma motsatana mozungulira amapeza khwinya lamusonkhanira mbali imodzi. Ubweya ankaumeta chikopa chili kale pang'oma, atawaza phulusa kuti mpeni usaterere. Ikatero inkakhala pamthunzi sabata yathunthu, munthu osaikhudza.

Lamulo limenelo ndinaliswa kamodzi, ndili ndi zaka ngati 9. Tsiku lachitatu, bambo ali kudimba, ndinaiomba ndi anzanga mpaka thukuta. Pakati panalowa chidikha, ndipo itauma inkalira ngati lichero. Sanandimenye. Anandipatsa kachitsulo kuti ndizule zikhomo zonse chimodzichimodzi osang'amba bowo, ndipo dzuwa linalowa ndikadali pomwepo, zala zili magazi.

China chimene mungafunse: kanthu kakuda kamene mumaona pakati pa ng'oma zina, makamaka za gule wamkulu, ndi phula. Ena amaumba la njuchi, ena la nsatsi zosinja, ena masiku ano amasungunula mphira. Phula limalemeretsa pakati pa chikopa, mawu n'kutsika ndi kumveka motalika. Moto umakunga chikopa, mawu n'kukwera. Woimba mbalule kapena mpanje amasewera ndi ziwirizi mpaka ng'oma zonse zigwirizane. UNESCO italengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi vimbuza ndi chuma cha anthu a dziko lonse, maso a anthu anapita pa zilombo ndi ovina. Wa nkhonya yosenda mbuzi uja palibe anamutchula.

Yong'ambikayo musaisoke, musaimate guluu. Pezani mmisiri aiwambenso, ndipo chikopa mukachione nokha padzuwa musanalipire. Pamene padutsa mpeni pamawala.

Ndimapha mbuzi ziwiri, mwina zitatu, tsiku la msika ku Lizulu, n'kumagulitsa kanyenya. Zikopa ndimangotaya chifukwa ogula amabwera mwa apo ndi apo, akamafika zitanunkha kale. Ndingazisunge bwanji?

Achimwene, mankhwala ake ndi mchere, ndipo nthawi yake ndi tsiku lomwelo, pasanathe maola ochepa chisendereni. Palani mafuta, tsukani magazi, chitandikeni mbali ya mnofu ili m'mwamba, n'kuthira mchere wamiyala wolemera ngati theka la kulemera kwa chikopacho. Pa chikopa cha mbuzi wamba, hafu kilogalamu imakwana. Muupake mpaka m'mphepete ndi m'miyendo, poti kuwola kumayambira m'makwinya. Chisiyeni potsetsereka kuti madzi azichucha. Pakatha masiku awiri kuntani mchere wonyowawo, thiraniponso wina pang'ono, pindani mnofu ndi mnofu. Chotere chimadikira wogula milungu yambiri. Mukafuna kugulitsa kwa owamba ng'oma, afunseni kaye, chifukwa ambiri amakana chamchere, amati chimaitana chinyezi. Amenewo muziwaumitsira pamthunzi basi.

Chimodzi mudzayese kufufuta nokha. Agogo anga aakazi ankachita chonchi: chikopa chouma ankachinyowetsa, kuchipala ndi kambazo mpaka kuoneka mbuu, kuchipaka ubongo wa mbuzi yomweyo kapena mafuta a nsatsi, n'kuchikulunga kuti chigone. Mawa lake ndiye panali ntchito. Ankachifikisa m'manja ngati akuchapa, kuchikoka uku ndi uku, kuchikhwekhweretsa pamtengo wosalala, osapuma mpaka chiumire m'manja momwemo. Ukachisiya kuti ukamwe madzi, chimauma gwa, uyambirenso. Chotuluka pamenepo chinali chofewa moti n'kuberekera khanda. Mawu oti mbereko amene lero timatchulira chitenje anayambira pa chikopa chotere, nthawi imene anthu ankavala zikopa ndi chiwondo cha makungwa a mitengo, nsalu zisanachuluke.

Ndili Fomu 3 ku Nkhotakota. Agogo anga amati kale uta ankaukunga ndi nsinga ya nyama. Kodi nsinga ndi mtsempha wa magazi? Nanga chinthu chofewa choncho chingaponye bwanji muvi?

Mdzukulu wanga, si wa magazi ayi. Chichewa chathu chimasokoneza pang'ono poti zonse timaziti mitsempha. Nsinga ndi ija yoyera, yolimba, imene imalumikiza mnofu ndi fupa, ija imakukanika kutafuna ukamadya chiboda cha ng'ombe. Gwira kumbuyo kwa chidendene chako, uyimva.

Yabwino kwambiri ili pamsana. Ukasenda ng'ombe kapena nyama ina yaikulu, mbali zonse ziwiri za fupa la msana, pamwamba pa mnofu wofewa uja, pali kansalu konyezimira ngati siliva, kotalika kuyambira chakumapewa mpaka m'chiuno. Ogulitsa nyama amakadulira limodzi ndi mnofu, kapena kuponyera agalu. Bambo ankakasupula ndi kumsana kwa mpeni, kukapala, n'kukamata pachipupa kapena pansungwi kuti kaume. Kakauma kamaoneka ngati pulasitiki wachikasu. Akakapotokola m'manja kamayamba kugawikana timaulusi, tina tating'ono ngati tsitsi. Ya m'miyendo ndi yaifupi ndi yonenepa. Imeneyo ankaiumitsa, n'kuipuntha ndi mwala wosalala pamtengo mpaka itambasuke ngati khonje.

Timaulusito ankatinyowetsa m'kamwa, n'kutipota pantchafu, monga amapotera chingwe cha khonje, kumalumikiza tina pamene tina tathera. Ndi mmene chingwe chotalika kuposa nyama yake chinkapangidwira. Alenje ena ankakunga uta ndi kachikopa kolezedwa motalika n'kupotedwa, poti n'kosavuta kupeza, koma womanga nthenga ndi chitsulo pa muvi ankafuna nsinga basi.

Chinsinsi chake n'chakuti nsinga yonyowa imatamuka, ikamauma imafupika, ndipo ili ndi ulimbo wakewake. Ukakulunga yonyowa pamene chitsulo chalowa mubango, sufunika mfundo. Umangoisalaza ndi chala, mawa upeza yagwira ngati inamera pomwepo. Ukukumbukira nkhani ya Samisoni ku Sande sukulu, pamene anauza Delila kuti amumange ndi nsinga 7 zaziwisi zosauma? Ankanama za mphamvu zake, koma za nsingazo ankadziwa chimene akunena: chomangidwa ndi yaiwisi chimathina pamene ikuuma.

Mdani wake ndi mvula. Uta wa nsinga ukanyowa umalefuka, ndiye mlenje ankaupaka phula, kapena kumasula nsingayo n'kuibisa m'phodo mitambo ikada. N'chifukwa chake waya atafika, oimba kaligo, choimbira cha chingwe chimodzi chimene kale chinkalira ndi nsinga, sanachedwe kusintha. Lero kaligo, banjo ndi babatoni amalira ndi waya wa mabuleki a njinga kapena wa m'matayala, pamene chikopa cha pathupi pake chikadali cha mbuzi kapena ng'ombe. Sindiwadzudzula. Koma kaligo wa nsinga amene ndinamumva ndili mwana anali ndi mawu onga a nkhalamba yodandaula, pamene wa waya amalira ngati udzudzu.

Ukafuna kuona wekha, pita kwa ogulitsa nyama m'mawa asanaduledule, uwapemphe kansalu ka pamsana kaja. Akuseka, koma akupatsa.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Scotland. Tsiku lina kunyumba yosungirako zinthu zakale ndinaona malaya opyapyala ngati pepala, akuti anasokedwa ndi matumbo a nyama ya m'nyanja. Kodi n'zoona? Makolo athu ankapanganso zotere? Funso lachiwiri: gulu lathu la kwaya kuno likufuna ng'oma yakumudzi. Ndingatume munthu abwere nayo, kapena abweretse chikopa tidzawambe konkuno?

Mayi, munaona zoona. Amenewo ndi malaya a mvula a anthu a kumpoto kwenikweni kwa dziko, Ainuit, Ayupik ndi anthu a pa zilumba za Aleutian ku Alaska. Amatenga matumbo a seal, nyama yonga katumbu wathu koma yaikulu kwambiri, kapena a walrus, inzake ya minyanga, mwinanso a namgumi. Amawatsuka, kuwapala kunja ndi m'kati mpaka kutsale kachikopa kamodzi koonekera, kuwauzira mpweya ngati chibaluni chachitali, n'kuwayanika. Akauma amawang'amba m'litali, kutuluka timizere ngati maliboni, ndipo amayi amatisoka tina pambali pa tinzake ndi ulusi wa nsinga, yomwe ija ndamufotokozera mwana wa ku Nkhotakota. Msokowo ukanyowa umafufuma n'kutseka mabowo a singano. Mlenje ankawavala pamwamba pa zovala zaubweya akakwera kayak, kabwato kawo kokutidwa ndi zikopa, ndipo madzi sankalowa, chonsecho malayawo ndi opepuka moti n'kuwapinda m'dzanja. Anthu a ku Russia atafika kumeneko anawatcha kamleika, nawonso n'kuyamba kuwavala. Matumbo omwewo ankatsekera mawindo, kuwala kumalowa, mphepo ayi.

Kwathu kuno sitinapange malaya otere, ndipo si umbuli. Iwowo alibe thonje, alibe mitengo yosenda makungwa, alibe mlaza kapena nsungwi; munda wawo ndi nyama. Kuzizira kwawo kumasunga matumbo, pamene kuno kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumawasasitsa dzuwa lisanapendeke. Chifukwa chachikulu mukuchidziwa kale: matumbo ife timadya. Yesani kuuza anthu pa ukwati kuti nthumbwana kulibe poti matumbo tasokera jekete, muone ngati mutuluke ndi moyo.

Azungu nawo ali ndi ntchito zawo za matumbo. Zingwe za vayolini kwa zaka mazanamazana zinali matumbo a nkhosa opotedwa, ndipo ulusi wosokera mabala m'chipatala, uja amati catgut umene umasungunuka wokha m'thupi, ndi wa matumbo a nkhosa kapena ng'ombe, mphaka sakhudzidwa n'komwe. Za kwathu zam'kati zimene ndinaziona ndi ziwiri. Chikhodzodzo cha ng'ombe kapena nkhumba tinkachilimbirana, kuchifikisa paphulusa, kuchiuzira ndi kaphesi n'kumanga. Unali mpira wathu wa masana amodzi, mpaka munga utaweruza. Ndipo kwa Angoni, monganso kwa Azulu, ndulu ya ng'ombe kapena mbuzi yophedwa pa mwambo amaiuzira, kuiumitsa, n'kuimangirira kumutu kwa mwini mwambowo.

Pa funso lachiwiri ndiyankha ngati mlangizi wa ziweto. Chikopa chachiwisi chaubweya musatume munthu. Choyamba, malamulo a kumeneko pa zinthu zochokera ku nyama ndi okhwima, angamulande pabwalo la ndege. Chachiwiri ndi anthrax, matenda oopsa a ziweto amene amagwiranso anthu. Mu 2006 munthu wina ku Scotland komweko anamwalira ndi matendawa, ndipo ofufuza analoza ku ng'oma za zikopa zochokera kunja. Mu 2008 mmisiri wina wa ng'oma anamwaliranso nawo ku London. Tizilombo take timadzitsekera m'kachikwa n'kukhala zaka makumi m'dothi kapena muubweya wouma. Choopsa kwambiri ndi kupala kapena kumeta chikopa chouma m'chipinda chotseka, fumbi lake n'kumapumira. Ng'oma yowamba kale, yometedwa bwino, ya chikopa cha nyama imene inaphedwa ili yamoyo ndi yathanzi, chiopsezo chake n'chochepa. Komabe funsani a kasitomu a kumeneko musanagule tikiti ya katunduyo.

Ndipo kwa owerenga a kumudzi kuno: ng'ombe ikafa yokha mwadzidzidzi, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno kapena kumbuyo, musaisende, musaitumbule, itanani alangizi. Ndikudziwa kuwawa kwake kukwirira ng'ombe yathunthu ndi chikopa chomwe. Ndinatukwanidwapo pa maliro a ng'ombe oterewa kangapo. Koma matendawa alipo ndithu. Kumapeto kwa 2018 anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde. Mvuu yomweyo, ndingotchulako podutsa, ndi imene chikopa chake chokhuthala ankalezamo chikoti, chija agogo athu ankachitchula motsitsa mawu akamakamba za thangata.

Ndine Mngoni wa kwa Gomani koma ndikugwira ntchito ku Johannesburg. Chaka chino ndikufuna ndidzavine ku Umhlangano nditavala zonse. Pali munthu akundigulitsa chikopa cha kambuku motchipa. Ndigule? Nanga chishango chabwino ndingachidziwe bwanji?

Mphwanga, amayi anga anali a ku Ntcheu, ndiye ndikuyankha ngati malume ako. Kambukuyo musiye.

Zifukwa zake ndi zitatu, ndipo chimodzi chokha chikukwanira. Pa mwambo, chikopa cha kambuku ndi cha mafumu ndi a kubanja lachifumu. Ukafika nacho ku Nkolimbo, kumene kumachitikira Umhlangano, akuluakulu adzakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ndipo yankho lako lidzakhala lalifupi. Pa lamulo, chikopacho uyenera kudutsa nacho malire angapo, ndipo kuno kwathu lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zotetezedwa kwambiri chilango chimafika zaka 30 kundende. "Ndinagula motchipa" si mawu oti woweruza angawamvere chisoni. Chachitatu, akambuku enieniwo atsala ochepa. Ku nkhalango ya Majete anachita kukatenga ena ku South Africa komwe uliko mu 2011 kuti ayambirenso kuswana.

Kumene uliko anzathu anapeza kale njira. Mpingo wa Shembe, umene amuna ake masauzande amavala zikopa za kambuku pamapewa, unayamba mu 2013 kulandira zikopa zopanga, zolukidwa pamakina ndi mawanga onga enieni, mothandizidwa ndi bungwe la Panthera. Alozi a ku Zambia anatsatira mu 2019 pa mwambo wa Kuomboka. Ena amati n'zachibwana. Ine ndimati ukaima patali mamita 5 sungasiyanitse, ndipo mvula ikagwa chopangacho sichinunkha.

Ndalama zakozo uike pa chishango, poti ndicho chimalira pa gule wa ngoma. Chenicheni ndi cha chikopa cha ng'ombe chosafufuta, chouma gwa. Ng'ombe imodzi imatulutsa zishango ziwiri zazikulu, china mbali iyi ya msana, china mbali inayo. Ubweya umakhala kunja, ukuloza pansi kuti mvula izitsetsereka. Pakati pamakhala mizere iwiri ya timabowo topingasa, mmene amalowetsamo timalamba ta chikopa cha mtundu wina, chakuda pa choyera kapena choyera pa chofiira. Ambiri amaona ngati n'zokongoletsa chabe. Timalambato ndi timene timagwira ndodo ya kumbuyo, timapanga chogwirira, ndipo timakhuthalitsa chishango pamene pali dzanja. Kwa Azulu mtundu wa ubweya unkasonyeza gulu la nkhondo: zoyera za madoda okhwima, zakuda za anyamata.

Pogula, chigogode ndi chibonga. Chabwino chimayankha ngati chitseko. Chopyapyala cha alendo odzaona malo chimangoti phaphapha. Chipinde pang'ono, chibwerere chokha. Chinunkhize: fungo la utsi ndi labwino, fungo lowola likutanthauza kuti ubweya uyamba kuthothoka. Yang'ana kumbuyo ngati ndodo ikusololoka, chifukwa paulendo umaichotsa. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 atanyamula zishango zotere, ndiye chako chisakanike kufika pa Ntcheu pa basi. Zotsalazo, michira ya ng'ombe ya m'mikono ndi m'miyendo, chibiya cha zikopa za mbuzi, upeza kumudzi konkuno pa mtengo wabwino kuposa wa ku Joni. Ukakhala ndi tsiku lapadera, utsike ku Mua ukaone zovala za Angoni zimene zili kumalo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kuti udziwe chovala chilichonse malo ake pathupi.

Agogo akakwiya ndi mwana wopuma mofulumira amati "ukupuma ngati mvukuto". Mvukuto n'chiyani? Ndine wa ku Ndirande.

Mwanawe, ndi mapapo a chipala, pamene osula zitsulo amagwirira ntchito. Mbuzi ya mvukuto saing'amba pamimba. Amaidula kumbuyo n'kuivula chikopa chonse ngati sokosi, kutuluka thumba. Amalifufuta, kumanga miyendo itatu, mwendo wachinayi kapena khosi n'kulowetsamo kampope ka mtengo kapena chitsulo, kamene kamakalowa mu kena kadothi kofika pamakala. Kukamwa kwa thumbalo amasokerako timitengo tiwiri. Wovukuta akakweza dzanja amatsegula timitengoto kuti mpweya ulowe, akatsitsa amatseka n'kukanikiza. Amakhala ndi matumba awiri, lina kumanja lina kumanzere, mosinthana, kuti moto usapume. Ndi mphepo imeneyo makolo ankasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo kuchokera ku chitsulo cha m'ng'anjo zawo.

Osula a masiku ano, ngakhale a ku Ndirande kwanuko, amapukusa gudumu la njinga lolumikiza ku kachipupizo ka malata. Mvukuto womaliza wa chikopa ndinauona cha m'ma 1980 kwa mkulu wina wosula zikwakwa kufupi ndi Golomoti. Thumba limodzi linali la mbuzi, lakuda ndi utsi, lomatidwa zigamba zitatu. Linalo agalu anali atadya, ndiye anaikapo chubu cha galimoto. Ndinamufunsa kuti lopuma bwino ndi liti. Anandipatsa onse awiri kuti ndivukute ndekha, ndipo ndisanafike pa 50 mapewa anali atandikana, iye akuseka, chikwakwa chake chikadali chakuda pamakala.